Mikiel Anton Vassalli: mkulu amene adafera mawu a kumudzi ku Malta

Pachilumba cha Malta, pakati pa nyanja ya Mediterranean, Mkatolika akagwada m'tchalitchi amatchula Mulungu kuti Alla. Nyengo ya Lenti amaitcha Randan, pomwe Pasaka ndi Għid. Ngati muli ndi mnzanu wachisilamu, mawu amenewa si achilendo m'makutu mwanu: ndi abale ake a Allah, Ramadan ndi Eid. Koma munthu yemweyo akatuluka m'tchalitchimo amalonjera anzake kuti bonġu, moni wochokera ku Chifalansa, amathokoza kuti grazzi ngati Mtaliyana, kenaka n'kusolola mowbajl m'thumba kuti aone momwe futbol yathera.

Chimenecho ndiye Chimalta. Eni ake ndi ochepa kuposa anthu okhala mumzinda wa Lilongwe, koma lero ndi chiyankhulo cha boma kwawoko komanso chimodzi mwa ziyankhulo zovomerezeka za European Union. Zaka 250 zapitazo zinthu sizidali choncho. Ophunzira ankachiona ngati chiyankhulo cha kukhitchini ndi kumunda, chosayenera kuonongera inki. Munthu amene adalimbana ndi maganizo amenewa ndi Mikiel Anton Vassalli, ndipo moyo wake udadzaza ndi ndende, kuthamangitsidwa m'dziko, umphawi, mpaka kukanizidwa manda.

Mwana wamasiye wa ku Żebbuġ

Vassalli adabadwa pa 5 March 1764 m'mudzi wa Żebbuġ, m'banja la alimi. Bambo ake adamwalira iye ali ndi zaka ziwiri zokha. Dzina la mudziwo limatanthauza mitengo ya azitona, ndipo lidachokera ku Chiarabu cha kumpoto kwa Africa, monganso maina ena ambiri a malo pachilumbapo: Mdina ndi mzinda, Marsa ndi doko.

Nthawi imeneyo Malta idali m'manja mwa gulu la asilikali achipembedzo la St John, lomwe lidapatsidwa chilumbacho ndi mfumu Charles V mu 1530. Akuluakulu a gululi adali ana a mabanja olemekezeka ochokera ku France, Italy, Spain ndi maiko ena a ku Ulaya. Mbadwa ya ku Malta inkatha kuwagwirira ntchito, kupalasa zombo zawo, ngakhale kufera pankhondo zawo, koma mipando ya pamwamba siinkaiona. Kukhoti ndi m'maofesi munkayenda Chitaliyana, kuguwa kunkamveka Chilatini. Chiyankhulo chomwe mayi ankatonthozera mwana chidalibe kalembedwe kogwirizana, ndipo anthu ambiri sankadziwa kuwerenga.

Nanga mawuwa adachokera kuti?

Kuti timvetse ntchito ya mkuluyu, tiyambe taona zomwe zili mumphika wa Chimalta. Malta ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 90 kummwera kwa Sicily, ndi osakwana 300 kuchokera ku Tunisia. Aliyense wofuna kulamulira nyanja ya Mediterranean ankaponda pamenepa, ndipo aliyense adasiyapo mawu ake.

Pansi penipeni pali Chiarabu. Aarabu adalanda chilumbachi mu 870, ndipo cha m'ma 1048 kudabwera anthu ena achisilamu odzakhazikika, oyankhula Chiarabu cha ku Sicily. N'chifukwa chake mawu a zinthu zomwe munthu sangakhale popanda izo ndi a Chiarabu mpaka lero. Nyumba ndi dar, buledi ndi ħobż, madzi ndi ilma, galu ndi kelb, dzuwa ndi xemx, mwezi ndi qamar, nyanja ndi baħar, mtima ndi qalb, mutu ndi ras. Kuwerenga manambala nakonso: wieħed, tnejn, tlieta. Amene mumamvako Chiswahili mungazindikire sitta, sebgħa ndi disgħa, chifukwa sita, saba ndi tisa za Chiswahili zidatungidwa pachitsime chomwecho.

Masiku a sabata amawerengedwa ndi manambala ngati kwathu kuno, kungoti iwo amayambira Lamulungu. Choncho It-Tnejn, lomwe ndi tsiku lachiwiri, ndi Lolemba lathu, pomwe It-Tlieta, tsiku lachitatu, ndi Lachiwiri lathu. Mukadzapangana ndi munthu wa ku Malta, samalani pamenepo.

Mu 1091 Roger, mtsogoleri wa ma Norman, adalanda Malta, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1200 Chisilamu chidatha pachilumbapo: ena adathamangitsidwa, ena adabatizidwa. Chipembedzo chidasintha koma pakamwa sipadasinthe. Anthu adapitiriza kuyankhula Chiarabu chawo, chomwe tsopano chidadukana ndi Korani komanso malembedwe a Chiarabu, n'kuyamba kuyamwa mawu a ku Sicily ndi Italy. Mawu a boma, sukulu, malamulo ndi zipangizo zatsopano adalowera khomo limeneli: gvern ndi boma, skola ndi sukulu, pulizija ndi polisi, familja ndi banja, furketta ndi foloko, karozza ndi galimoto. Pepala ndi karta, m'bale wake wa kalata yathu, yomwe ife tidatenga kwa Apwitikizi. Angerezi atabwera adaonjezera awo, monga strajk, friġġ ndi kitla, yemwe ndi ketulo yemweyu.

Katswiri wa ziyankhulo Joseph Brincat adawerenga mawu pafupifupi 41,000 a mu dikishonale ya Joseph Aquilina. Adapeza kuti opitirira theka ndi ochokera ku Sicily ndi Italy, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi a Chiarabu, ndipo 6 pa 100 alionse ndi a Chingerezi. Komabe mafupa a chiyankhulochi ndi a Chiarabu. Taonani malembo atatu awa, k, t ndi b: kiteb ndi adalemba, ktieb ndi buku, kittieb ndi mlembi, kitba ndi zolemba. Mawu obwereka nawo amathyoledwa kuti alowe m'chikombole chomwecho. Sukulu zambiri ndi skejjel, mafoloko ndi frieket, maketulo ndi ktieli. Mlendo akafika amavekedwa zovala za pakhomopo.

Mabuku atatu a ku Rome

Mu 1785, ali ndi zaka 21, Vassalli adapita ku Rome komwe adakaphunzira ziyankhulo za kum'mawa payunivesite ya Sapienza. Ali kumeneko adaona kuti chiyankhulo cha amayi ake, chomwe kwawo ankachinyoza, chidali ndi malamulo ake olongosoka ngati ziyankhulo zomwe ankaziphunzira m'kalasi.

Vuto loyamba lidali malembo. Chimalta chili ndi maliwu ena otulukira kukhosi omwe alifabeti ya Chilatini ilibe, ndiye aliyense wofuna kulemba ankangolemba momwe waganizira. Mu 1790 Vassalli adatulutsa alifabeti yake, momwe adasakaniza malembo a Chilatini ndi ena oonjezera oimira maliwu ovutawo. Chaka chotsatira, 1791, adasindikiza buku la galamala ya Chimalta lolembedwa m'Chilatini. Kenaka mu 1796 kudatuluka ntchito yake yaikulu: dikishonale ya mawu pafupifupi 18,000, omasuliridwa m'Chilatini ndi m'Chitaliyana.

Tangoganizani. Kudalibe kompyuta, kudalibe intaneti, kudalibe foni yojambulira mawu a agogo. Liwu lililonse ankayenera kulimva, kulilemba pamanja, kulipezera tanthauzo m'ziyankhulo ziwiri, n'kuliika pamalo pake. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito ya dikishonale ndi yotero.

Koma chomwe chidagwedeza anthu si mawu 18,000 aja ayi. Ndi mawu otsogolera a bukulo. Mmenemo Vassalli adalembera anthu a ku Malta ngati mtundu paokha, chinthu chomwe chidali chachilendo pachilumba cholamulidwa ndi alendo. Mfundo yake idali yakuti anthu okhala ndi chiyankhulo chawochawo ndi fuko, ndipo ana ayenera kuyamba kuphunzira kuwerenga ndi kulemba m'chiyankhulo chomwe amachimva, kenaka n'kupita ku zinazo. Adaonanso kuti umbuli wa anthu wamba sudali wobadwa nawo, koma udabwera chifukwa maphunziro, malamulo ndi makhoti zidatsekeredwa m'chiyankhulo chomwe mlimi sankachimva. Adafotokozanso kuti Chimalta chimayankhulidwa mosiyanasiyana m'zigawo zisanu, ndipo iye ankakonda cha kumidzi kuposa cha kudoko, chomwe ankachiona kuti chadzaza mawu achilendo.

Pomwe mkuluyu adaphonya

Vassalli sadali mngelo, ndipo pa funso la komwe Chimalta chidachokera adayamba ndi kusochera. Monga wansembe Agius de Soldanis wa ku Gozo, yemwe adalemba galamala mu 1750, iye ankakhulupirira kuti Chimalta ndi mdzukulu wa chiyankhulo cha Afoinike ndi anthu a ku Carthage. Ngakhale mutu wa galamala yake ya 1791 udanena zomwezo.

Maganizowa sadangochokera m'mutu. Afoinike adakhaladi ku Malta kalekale Yesu asanabadwe, ndipo miyala iwiri yolembedwa m'Chifoinike ndi Chigiriki yomwe idapezeka pachilumbapo ndiyo idathandiza katswiri wa ku France, Jean-Jacques Barthélemy, kutulukira kawerengedwe ka malembo a Afoinike. Komanso Chifoinike ndi Chiarabu n'zapachibale, ndiye kusokoneza kudali kosavuta.

Padalinso chifukwa china. Gulu la St John lidakhalira kumenyana ndi Asilamu, ndipo nkhondo ya 1565, pomwe asilikali a Ottoman adazinga chilumbachi n'kulephera, idali nkhani yonyaditsa aliyense. M'dziko lotero, kuuza Mkatolika kuti pemphero lake amalinena m'Chiarabu kudali ngati kumutukwana. Makolo a ku Carthage ankamveka bwino kuposa makolo a ku Tunisia, ngakhale malowo ndi amodzimodzi.

Mu 1810 katswiri wa ku Germany, Wilhelm Gesenius, adaonetsa kuti Chimalta ndi mphukira ya Chiarabu, ndipo akatswiri a lero amagwirizana naye. Vassalli naye, pofika nthawi ya galamala yake yachiwiri, adali atayamba kuvomereza ubale umenewu. Apa pali phunziro kwa tonse okonda kufufuza komwe mawu adachokera: nkhani yokoma m'makutu si ndiye yoona nthawi zonse.

Kuchoka ku mabuku kupita kundende

Pomwe dikishonale inkatuluka, ku Ulaya kudali kutatentha. Anthu a ku France adali atagwetsa ufumu, ndipo nkhani za ufulu ndi kufanana kwa anthu zidali ponseponse. Vassalli adabwerera kwawo mitu imeneyi ili m'mutu. Adapempha akuluakulu a gulu la St John kuti asinthe zinthu: asiye nkhondo zosatha ndi maiko achisilamu, atsegule doko kuti pakhale malonda ndi maiko onse, komanso alole mbadwa za Malta kulowa m'gululo ndi kukhala ndi mawu pa kayendetsedwe ka dziko lawo.

Akuluakuluwo sadamumvere. Apa mkuluyu adalowa m'kagulu kokonza zogwetsa ulamulirowo. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima: chiwembucho chidaululika mu 1797, ndipo Vassalli adagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Adamutsekera mu Fort Ricasoli, linga lomwe lili pakhomo pa doko lalikulu la Malta.

Sadakhalitsemo. Mu June 1798 Napoleon Bonaparte, ali paulendo wopita ku Egypt, adaima pa Malta, ndipo mtsogoleri wa gululo, Ferdinand von Hompesch, adapereka chilumbacho patangopita masiku ochepa. Ulamuliro wa zaka 268 udathera pomwepo. Afalansa adathetsa ukapolo ndi maudindo obadwa nawo, ndipo Vassalli, yemwe tsopano adali mfulu, adali kumbali yawo.

Chisangalalocho chidali cha kanthawi. Afalansa adayamba kulanda katundu wa m'matchalitchi, ndipo pa 2 September 1798 anthu a kumidzi adawaukira. Asilikali a France adadzitsekera mumzinda wa Valletta kwa zaka ziwiri, mpaka adagonja mu September 1800 Angerezi atathandiza oukirawo. Mwadzidzidzi Vassalli adapezeka ali mbali yolakwika. Alimi omwe ankawamenyera nkhondo, eni mawu omwe adawatolera m'dikishonale, ankamuona ngati munthu wa adani. Mu 1801 adathamangitsidwa m'dziko.

Zaka pafupifupi 20 kuchilendo

Nthawi yaitali ya zaka zimenezi adakhala ku France, komwe mwa zina adagwira ntchito yolimbikitsa ulimi wa thonje, mbewu yomwe alimi a ku Malta ankaidziwa bwino. Adakwatira Catherine Formosa de Fremaux ndipo adabereka ana aamuna atatu. Munthu yemwe adapereka unyamata wake ku chiyankhulo chimodzi adakhala zaka zake za mphamvu kutali ndi anthu ochiyankhula.

Adaloledwa kubwerera mu 1820, ali ndi zaka 56, wosauka. Malta tsopano idali pansi pa Britain, malinga ndi pangano la ku Paris la 1814. Mwayi wake udadzera mwa John Hookham Frere, Mngerezi yemwe adakhalapo kazembe ndipo adadzakhazikika ku Malta. Frere adaona luso la mkuluyu, ndipo mu 1825 adathandiza kuti akhale mphunzitsi woyamba wa Chimalta payunivesite ya Malta. Malipiro ake ankachokera m'thumba la Frere yemweyo.

Zaka zinayi zomalizazi zidabala zambiri. Mu 1827 adatulutsa galamala yatsopano, ulendo uno m'Chitaliyana. Mu 1828 adasindikiza buku la miyambi ya Chimalta yopitirira 800, nzeru za asodzi, alimi ndi amayi a pamsika zomwe ophunzira ankazipondereza. Adamasuliranso Mauthenga Abwino anayi ndi buku la Machitidwe a Atumwi. Kwa munthu wa ku Malta buku limeneli ndi la pamtima, chifukwa chilumba cha Melita, pomwe chombo cha Paulo chidasweka m'mutu 27 ndi 28, anthu akumeneko amakhulupirira kuti ndi Malta yemweyu.

Koma ntchito yomasulirayi adaigwira ndi bungwe la Church Missionary Society, la Chipulotesitanti, m'dziko lomwe pafupifupi aliyense adali Mkatolika. Masiku amenewo Mpingo wa Katolika sunkalola Baibulo lomasuliridwa popanda chilolezo chake, ndipo amishoni a Chingerezi ankaonedwa ngati odzaba nkhosa. Vassalli atamwalira pa 12 January 1829, ali ndi zaka 64, sadaikidwe m'manda a Akatolika. Adakagona ku Msida Bastion ku Floriana, manda omwe ankaikako makamaka Angerezi a Chipulotesitanti. Mauthenga Abwino ake adasindikizidwa ku London chaka chomwecho.

Zomwe zidachitika iye atapita

Kwa zaka pafupifupi 100 dzina lake silinkatchulidwa kwenikweni. Alifabeti yake siidagwire, chifukwa malembo ake oonjezera adali ovuta kwa osindikiza ndi owerenga omwe. Andale a ku Malta adatha zaka zambiri akukangana ngati sukulu ndi makhoti ziziyendera Chitaliyana kapena Chingerezi, pomwe chiyankhulo chomwe onsewo ankayankhula kunyumba chidali pambali kudikira.

Zinthu zidatembenuka m'zaka za m'ma 1900. Mu 1920 alembi adakhazikitsa bungwe lawo, Għaqda tal-Kittieba tal-Malti, ndipo mu 1924 adatulutsa malamulo a kalembedwe omwe ndi maziko a alifabeti ya malembo 30 yomwe ikugwira ntchito lero. Mu 1934 Chimalta chidakhala chiyankhulo cha boma pamodzi ndi Chingerezi. Mlembi Ninu Cremona adafufuza ndi kulemba mbiri ya Vassalli m'zaka za m'ma 1930, ndipo anthu adayamba kumutcha tate wa chiyankhulo cha Chimalta. Malta idalandira ufulu kuchoka kwa Britain pa 21 September 1964, miyezi iwiri ndi theka Malawi atalandira wake, komanso patatha zaka 200 chibadwire Vassalli. Mu 2004 dzikoli lidalowa mu European Union, ndipo malamulo a bungweli tsopano amamasuliridwa m'chiyankhulo chomwe ankati n'cha kukhitchini chija. Ku Żebbuġ kuli chipilala chake, ndipo mlembi Frans Sammut adalemba buku la nthano yaitali lotchedwa Il-Ħolma Maltija potengera moyo wake.

Tikutolapo chiyani?

Choyamba, kubwereka mawu sikupha chiyankhulo. Vassalli ankadandaula ndi Chimalta cha kudoko chodzaza mawu a Chitaliyana, koma mawu omwewo lero ndi opitirira theka la dikishonale, ndipo chiyankhulocho chili moyo. Chomwe chidachisunga n'chakuti liwu lililonse lobwera linkagonjera malamulo a pakhomopo. Ifenso tikamati matebulo, kutchaja kapena kudawuniloda, tikuchita zomwe Amalta adachita posandutsa kitla kukhala ktieli. Choopsa chenicheni si liwu lachilendo m'chiganizo, koma tsiku lomwe makolo adzaleke kuyankhula ndi ana awo m'chiyankhulo chawo, kapena lomwe nkhani zofunika monga malamulo, matenda ndi ndalama zidzapezeke m'chiyankhulo cha ena chokha.

Chachiwiri, funso lomwe Vassalli adafunsa mu 1796 likadali lamoyo m'maiko ambiri a mu Africa: kodi mwana wa zaka 6 ayambe kuwerenga m'chiyankhulo chiti? Nanga munthu woimbidwa mlandu amve bwanji zomwe zikunenedwa za iye? Amalta sadataye Chingerezi, amachiphunzira ndipo chimawathandiza pa malonda ndi zokopa alendo. Adangokana kuti chiyankhulo chawo chikhale cha kuseri.

Chachitatu n'chowawa. Vassalli adalondola pa za maphunziro, adaphonya pa za Afoinike, ndipo pa ndale adakhulupirira alendo omwe adadzakhumudwitsa anthu ake. Zonsezi zidali mwa munthu mmodzi. Anthu a nthawi yake adaona zolakwa zokhazo, n'kumukana ali moyo komanso atafa. Zidatengera zidzukulu kuti zitsegule dikishonale ija n'kupezamo mawu a agogo awo, olembedwa ndi kusungidwa bwinobwino ndi munthu yemwe agogowo adamuthamangitsa.